Galimoto Yakale Yopanda Zikalata

Nkhani ya lero ikuchokera kwa Makhuwira m'boma la Chikwawa, tsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, koma ikukhudza omvera a m'maboma onse. Monga m'madera ena ambiri, munthu woyenda pa msewu wochokera pa Thabwa kudzera ku Livunzu ndi ku Nkhate amatha kuona galimoto yakale itakhazikidwa pamiyala kuseri kwa sitolo, nkhuku zikuikira mazira m'kati mwake.

Ena mwa magalimoto oterewa ndi a mitundu yomveka: Land Rover, imene inayamba kupangidwa mu 1948, ndi Peugeot 404, imene inatuluka mu 1960. Anatchuka chifukwa cholimba pa misewu ya fumbi ndi matope, ndiponso chifukwa makaniko amatha kuwakonza ndi sipanala popanda kompyuta. Motero mlimi amene wagulitsa mpunga kapena thonje amakopeka akamva mtengo wotsika wa chigoba chotere. Amalingalira zochidzutsa pang'onopang'ono, chaka chino matayala, chaka chamawa injini.

Tsono akafunsa za Blue Book, chikalata chosonyeza mwini galimoto, wogulitsa amayankha kuti, "Inatayika kalekale, achimwene, koma mudzi wonse ukudziwa kuti galimotoyi ndi yathu." Apa ndi pamene wogula ayenera kudekha, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Lamulo la zapamsewu la 1997 likufuna kuti galimoto yoyenda pa misewu ya dziko lino ikhale yolembedwa m'kaundula wa boma. Kalata ya nyakwawa ndi mboni zimasonyeza kuti ndalama zinaperekedwa, koma sizisintha dzina lolembedwa m'kaundulamo. Ndipo munthu sangapatse mnzake umwini wa chinthu chimene iye mwini alibe.

Zikalata zimasowa pa zifukwa zitatu zazikulu, ndipo kulemera kwake n'kosiyana.

Choyamba ndi ngozi. Anthu a m'chigwa cha Shire anataya katundu wambiri pa madzi osefukira a mu Januwale 2015, pa namondwe wa Ana mu Januwale 2022, ndi pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Amene Blue Book yake inapita ndi madzi sanama, ndipo vuto lake lili ndi mankhwala. Akanena ku polisi n'kutenga lipoti, angathe kupempha chikalata china ku ofesi ya Road Traffic. Ntchito imeneyi ndi ya mwini wolembedwa, ndipo iyenera kuchitika malonda asanathe.

Chachiwiri ndi imfa. Kawirikawiri galimoto inali ya bambo amene anamwalira, ndipo wogulitsa ndi mwana mmodzi kapena mphwake. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana a malemu, ndipo woyenera kugulitsa katundu wotere ndi amene wapatsidwa mphamvu mwalamulo yoyendetsa chumacho. Wogula kwa munthu wina aliyense wagula mlandu wa pabanja, umene umadzuka tsiku limene galimoto yapakidwa penti n'kuyamba kulira.

Chachitatu ndi choopsa koposa. Chikwawa ndi Nsanje achita malire ndi dziko la Mozambique, ndipo galimoto ingathe kulowa podzera njira zachidule osalipira msonkho, mwinanso itabedwa kwina. Bungwe la Malawi Revenue Authority, limene linayamba ntchito mu 2000, lili ndi mphamvu yolanda katundu wozemba msonkho. Apolisi a maiko a kum'mwera kwa Africa nawonso amauzana za magalimoto obedwa kudzera m'bungwe lawo la SARPCCO, lokhazikitsidwa mu 1995. Wopezeka ndi galimoto yakuba amalandidwa, ndipo ngati ankadziwa kapena anali ndi chifukwa chokayikira, amayankha mlandu wolandira katundu wakuba.

Nanga wofuna kugula achite chiyani? Ayambe wapukuta dzimbiri ndi kulemba nambala ya chasisi ndi ya injini. Ngati nambalazo zafufutidwa kapena zikuoneka zogogodedwa kachiwiri, achoke osacheuka. Ngati zili bwino, apite nazo ku polisi kuti akazifufuze. Kenaka akwere phiri kupita ku Blantyre pamodzi ndi wogulitsa, aliyense ndi chiphaso chake cha unzika, kuti a Road Traffic akaone dzina la m'kaundula ndi kusintha umwini. Wogulitsa wokana ulendo umenewu wayankha kale funso lonse. Ndalama zonse ziperekedwe dzina likasinthidwa, ndipo zokonzera galimoto zigulidwe pambuyo pake.

Anthu a m'chigwa cha Shire amadziwa kuti ng'ombe sigulidwa usiku, ndipo siyendetsedwa kupita ku boma lina popanda kalata ya alangizi a ziweto. Nzeru yomweyo igwire ntchito pa galimoto. Chigoba chimene mwini wake akudziwika koma sichingalembedwenso chingagulidwe ngati zitsulo zochotsako zipangizo, pa mtengo wa zitsulo. Koma amene akufuna kudzanyamula mpunga wake kupita nawo ku msika, osabisala akaona apolisi pamsewu, ayambe wafunsa zikalata. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.