Amayi Amene Amagwa M'malo mwa Anzawo M'mafilimu



Ambiri a ife takhalapo m'nyumba zoonetsera vidiyo, tikukuwa ndi kuomba m'manja pamene mkazi wa m'filimu akudumpha kuchoka padenga kapena kutuluka m'galimoto yoyaka moto. Pobwerera kunyumba dzina limene timatchula ndi la katswiri wa nkhope yodziwikayo. Koma kawirikawiri amene wadumphayo si iyeyo ayi. Ndi mayi wina amene amuveka deresi lofanana ndi tsitsi lofanana, nkumuuza kuti asayang'ane ku kamera. Azungu amamutcha stuntwoman. Akaigwira bwino ntchito yake, inu simudziwa nkomwe kuti analipo.

Ntchitoyi amayi sanaiyambe dzulo. Ku Amereka, mafilimu asanayambe kutulutsa mawu, Helen Gibson, katswiri wokwera akavalo, ankalowa m'malo mwa Helen Holmes m'mafilimu otchedwa The Hazards of Helen amene anayamba mu 1914. Iyeyu anadumphapo kuchoka padenga la siteshoni kugwera pamwamba pa sitima ikuyenda. Koma Hollywood italemera, ntchito zoterezi zinayamba kupita kwa amuna. Pakafunika mkazi woti agwe pa kavalo, ankatenga bambo nkumuveka wigi ndi deresi. Pakafunika munthu wakuda, ankatenga mzungu nkumupaka utoto kumaso ndi m'mikono. Ichi nchifukwa chake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 anthu akuda ogwira ntchitoyi anakhazikitsa bungwe lawo, amayinso lawo. Ndipo musaganize kuti za mawigizi zinathera pomwepo: mu 2016 mayi wina wa ntchitoyi, Deven MacNair, anaona bambo atavala wigi kuti ayendetse galimoto m'malo mwa mkazi, iye ali pomwepo, ndipo pambuyo pake anakadandaula ku boma la Amereka.

Zifukwa zimene ankapereka nzakuti ntchitoyo njoopsa, mkazi sangaithe. Tiyeni tione za Kitty O'Neil. Mayi ameneyu anagontha ali khanda. Mu 1976, m'chipululu cha Alvord ku Oregon, anayendetsa galimoto ya roketi pa liwiro la makilomita 825 pa ola. Akanatha kupitirira apo, koma anamuletsa, poti amene anaikapo ndalama anali atagwirizana kale kuti mbiri ya liwiro loposa onse idzakhale ya mwamuna, Hal Needham. Mu 1979 mayi yemweyu anadzigwetsa mamita 39 kuchoka pamwamba pa hotela, atavala zovala za Wonder Woman m'malo mwa Lynda Carter.

Pa zovala za Wonder Woman zimenezi ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa pamenepa mpamene pagona nkhani. Bambo akamakagwa pa masitepe amakhala atavala jekete ndi thalauzi, ndipo mkati mwake amabisamo zotchinjiriza mawondo, zigongono ndi msana. Nanga mayi amene wauzidwa kuti avale kaderesi kolekeza m'ntchafu, kopanda manja, ndi nsapato za gogoda, zotchinjirizazo azibisa pati? Masitepe ndi omwewo, simenti ndi yomweyo, koma iye amagwapo ndi khungu lenileni. Chovalacho sasankha yekha. Amasankha ndi opanga filimu, amene maso awo ali pa kukongola kwa chithunzi. Choncho deresi lomwelo limene amuna ankamulanda kuti adyerepo, likabwerera kwa mwini wake silimuteteza.

Zimenezi zapundula anthu, ndipo zaphanso. Mu September 2015, kwa anansi athu ku South Africa, ankajambula filimu ya Resident Evil: The Final Chapter. Olivia Jackson, amene ankalowa m'malo mwa Milla Jovovich, anauzidwa kuti athamangitse njinga yamoto molunjika galimoto yonyamula kamera, kumutu kulibe chipewa chodzitetezera. Kamerayo inayenera kukwezedwa m'mwamba iye asanafike. Sinakwezedwe pa nthawi yake. Mayiyu anagona chikomokere masiku 17, ndipo chaka chotsatira madokotala anamudula mkono wamanzere. Panapita zaka zoposa zinayi kuti bwalo lalikulu la milandu la ku South Africa ligamule, mu 2020, kuti wolakwa sanali iye koma amene anakonza ndi kuyendetsa galimoto ya kamerayo.

Pa 14 August 2017, mumzinda wa Vancouver ku Canada, Joi Harris anamwalira pojambula Deadpool 2. Anali mayi wachikuda wa ku Amereka, katswiri wa mipikisano ya njinga zamoto, koma aka kanali koyamba kugwira ntchito ya m'filimu. Njinga inamulaka, iye nkukamenyetseka pa galasi la nyumba ina. Nayenso analibe chipewa, chifukwa munthu amene ankamuyimira m'nkhanimo savala chipewa. Bungwe loona za chitetezo cha anthu pa ntchito m'chigawo cha British Columbia linalipitsa kampani yojambulayo chindapusa cha pafupifupi madola a ku Canada 290,000. Mwa zina linapeza kuti kampaniyo sinaonetsetse kuti mayiyu wavala choteteza mutu.

Mwina wina muno anena kuti walira mvula walira matope, ntchitoyi anaisankha okha. Nzoona anaisankha, ndipo ambiri amaikonda kwabasi. Jeannie Epper, amenenso ankalowa m'malo mwa Lynda Carter, anaigwira mpaka kukalamba. Zoë Bell wa ku New Zealand, atagwira ntchito mobisika mu Xena ndi Kill Bill, anaonekera ndi nkhope yake ndi dzina lake mu Death Proof mu 2007, atakakamira pa boneti ya galimoto yothamanga. Chimene amayiwa anavomera ndi kudumpha, kugwa ndi kumenyedwa mwaluso, zonse zitayezedwa bwino. Kuchotsa chipewa kuti tsitsi liuluke, ameneyo ndi munthu wina amene walamula.

Munthu amene ali ndi mphamvu pa zonsezi ndi mkulu wokonza zoopsazo. Ndiye amalemba anthu ntchito, ndiye angauze wotsogolera filimu kuti izi ayi, munthu afa. Mipando imeneyi yambiri ikadali m'manja mwa amuna, ndipo munthu amalemba amene akumudziwa. Mayi akadandaula, mawa lamya yake siiliranso.

Mphoto za Oscar zinayamba kuperekedwa mu 1929, koma kwa zaka zonsezi panalibe gawo la anthu a ntchitoyi. Mu April 2025 eni mphotozi analengeza kuti gawolo liyamba mu 2028, pa mwambo wa nambala 100, ndipo lidzalemekeza luso lokonza zoopsazo. Jeannie Epper sanamve nawo uthengawu: anamwalira mu May 2024 ali ndi zaka 83.