Mtedza wa Pecan ndi Nsawa Zathu



Ine ndiphunzitsa ku Kanyama, m'Lusaka. Tsiku lina mwana wa m'kalasi langa anandifunsa za mtedza wa pecan umene anauona m'sitolo ya m'tauni, wokwera mtengo kotero kuti amai ake sangaugule. Iye anayesa kuti umenewo ndiwo ukulitsa ana a anthu olemera. Ndinasowa comuyankha, ndipo ndinapita kukafufuza.

Mtengo wa pecan kwao ndi ku North America, ndipo tsopano ulimidwa kwambiri ku South Africa. Mtedza wake ngwabwino ndithu, koma cocuruka m'menemo ndi mafuta. Pa magalamu 100, mafuta apitirira 70, pamene zomanga thupi zingofika 9. Nsawa zathu, monga za Chalimbana, ziri ndi zomanga thupi pafupifupi 25. Mwana wongodyera nsima ndi masamba ofutsa, cimene asowa kweni-kweni ndi cimeneci.

Inu a kumidzi muli ndi minda, imene ife a m'makomboni tiribe; ife tigula nsawa pa Soweto Market ndi kambale. Cotero dandaulirani makolo kuti pokolola asagulitse zonse, koma asungeko za nsinjiro zothira m'phala ndi zotendera nkhwani.

Muwacenjezenso kuti aziumitse bwino. Nsawa za cuku ziri ndi ululu woononga ciwindi, ndipo kukazinga sikuucotsa wonse. Zacisoni kuti zimene wogula wazikana ndizo kawiri-kawiri zitsalira ana kunyumba.