Za Mayendedwe a Anyani

Mafumu ndi abale a Msonkhano uno wa ku Luwani, tonse tidziwa anyani otsika m'mapiri a Neno kudzaba cimanga cathu. Tiyesa kuti wamphongo wamkuru ndiye alamulira ulendo wao. Si tero ai. Anthu ophunzira anamanga tizipangizo tolondola mapazi m'khosi mwa anyani 25 ku Mpala, m'dziko la Kenya, nalengeza m'caka ca 2015 kuti gulu litsata kumene aloza ambiri, angakhale woyamba kunyamuka ndi wamng'ono. Njira ziwiri zikasiyana pang'ono, adzera pakati. Tsono pa milandu ya malire a minda tipempha mafumu athu kuti asagamule anthu asanalankhule, ndi akazi omwe, popeza olima mindayo ndiwo.