JOSEPH BOLOGNE, KATSWIRI WA VAYOLINI WA KU PARIS

Nkhani ya lero ndi ya munthu amene anapambana anzace pa nchito zace zonse, koma nthawi yopatsidwa ukulu itafika anakanizidwa cifukwa ca khungu lace. Dzina lace ndi Joseph Bologne, ndipo ku France amamudziwa ndi dzina lakuti Chevalier de Saint-Georges.

Pa cisumbu ca Guadeloupe, ku West Indies, kunali Mzungu wa ku France dzina lace Georges Bologne de Saint-Georges, mwini minda ndi akapolo ambiri. Pa 25 December, 1745, mmodzi wa akapolowo, mtsikana wakuda dzina lace Nanon, anamubalira mwana wamwamuna. Lamulo la masiku amenewo linali lakuti mwana atsata mai wace, ndiye kuti mwana wa kapolo nayenso ndi kapolo. Koma Georges anacita cimene eni akapolo ambiri sanali kucita. Anamubvomera mwanayo kuti ndi wace, ndipo pamene anali ndi zaka 7 anapita naye ku France kuti akaphunzire. Pambuyo pace Nanon nayenso anatengedwa kukakhala ku Paris.

Pofika zaka 13, Joseph analowa sukulu ya mphunzitsi wina wochuka dzina lace La Boëssière, kumene ana a anthu omveka anali kuphunzira mabuku, kukwera kavalo ndi masewera a malupanga. Sipanapite zaka zambiri mnyamatayo anayamba kugonjetsa amuna akulu-akulu. Mphunzitsi wina wa malupanga wa mu mzinda wa Rouen, Alexandre Picard, anali kumunyoza poyera pomuchula kuti mkaladi wa La Boëssière. Awiriwa anakomana pamaso pa khamu la anthu, ndipo Picard anagonja. Atatsiriza sukulu, Joseph anaikidwa m'gulu la asilikari olonda Mfumu, nalandira dzina laulemu lija lakuti Chevalier.

Anthu a mu Paris anali kumudziwa monga mwamuna wa lupanga, tsono anadabwa pomuona atanyamula vayolini. Coimbira cimeneci ciri ndi zingwe zinai, ndipo amaciliza ndi kauta monga momwe amalizira kaligo, koma amacigwira pansi pa cibwano. M'caka ca 1769 analowa gulu lalikuru la oimba lochedwa Concert des Amateurs, limene mtsogoleri wace anali François-Joseph Gossec. Mu 1772 anaima yekha patsogolo pa gululo naliza nyimbo zopeka yekha, zobvuta kotero kuti zala za akatswiri owerengeka okha ndizo zinali kuzitha. Caka cotsatira Gossec anapita kukatsogolera gulu lina, ndipo mpando wace unapatsidwa kwa Saint-Georges. M'manja mwace gululo linachuka kuti ndi limodzi la magulu opambana m'Ulaya monse.

Tsono mu 1776 panafika ciyeso ceni-ceni. Mu Paris munali nyumba ya Mfumu ya masewero oimba, yochedwa Opéra, mmene nkhani yonse ya sewero imanenedwa ndi nyimbo ndi magule. Nyumbayi inali pa mabvuto a ndalama ndi a kayendetsedwe, ndipo panafunika mkuru watsopano. Dzina la Saint-Georges linachulidwa, pakuti anali ataonetsa kale kuti adziwa kusunga mwambo pakati pa oimba. Pomwepo akazi atatu omveka a m'nyumbamo, aŵiri oimba ndi mmodzi wobvina, analemba kalata kwa Mfumukazi Marie Antoinette. M'kalatamo sananene kuti munthuyo sadziwa nchito ai. Anangoti ulemu wao sungawalole kulamulidwa ndi mkaladi. Saint-Georges atamva, anacotsa yekha dzina lace kuti Mfumukazi ingacite manyazi, ndipo Mfumu Louis XVI inaika nyumbayo m'manja mwa anyakwawa ace.

Ali yense amene anaonapo munthu wodziwa nchito akuphunzitsa mlendo, mlendoyo nkusanduka kapitao wace, adzamvetsa cimene cinacitika apa. Anthu a mu Paris anali okondwa kumuombera m'manja poimba, kudya naye ndi kubvina naye. Cimene anakana ndi cimodzi cokha, kuti iye akhale pamwamba pa Azungu ndi kuwauza zocita.

Iye sanataye mtima. Anayamba kupeka masewero oimba ace. Loyamba, Ernestine, la mu 1777, silinakondweretse anthu, koma anapitirira, ndipo la mu 1780, lochedwa L'Amant anonyme, lidakalipo lathunthu kufikira lero. Gulu lace loyamba litatha mu 1781 cifukwa cosowa ndalama, anatsogolera lina, Concert de la Loge Olympique. Gulu limeneli ndilo linapempha Joseph Haydn wa ku Austria kupeka nyimbo zazikuru zisanu ndi imodzi, zimene oimba a m'maiko onse amaziliza mpaka lero ndi kuzichula kuti za ku Paris.

Mu 1789 anthu a ku France anaukira ufumu, nalengeza kuti anthu onse abadwa aufulu ndi olingana. Mau amenewa anamugwira mtima mwana wa Nanon. Anaika vayolini pambali nalowa usilikari, ndipo mu 1792 anapatsidwa ukulu wa gulu la asilikari akuda ndi makaladi, limene linachedwa ndi dzina lace. Womutsatira pa ukulu anali Thomas-Alexandre Dumas, atate wace wa mlembi wochuka uja Alexandre Dumas. Mu 1793 kazembe wa nkhondo Dumouriez anapandukira boma latsopano nafuna kulanda mzinda wa Lille, ndipo Saint-Georges anali mmodzi wa amene anamuletsa. Mphotho yace inali yowawa. Caka comweco anamunamizira mlandu namutsekera m'ndende miyezi yambiri popanda kumuweruza, ndipo atatuluka sanamubwezere gulu lace.

Anaona ndi maso ace France ikuthetsa ukapolo mu 1794, koma zaka zace zotsiriza zinali za matenda. Anabwerera ku vayolini, natsogoleranso gulu la oimba, kufikira anamwalira ku Paris m'mwezi wa June, 1799, ali ndi zaka 53. Patapita zaka zitatu zokha, Napoleon anatuma kazembe Richepanse ku Guadeloupe ndi asilikari, ndipo ukapolo unabwezedwa pa cisumbu cimene Joseph anabadwira. Nyimbo zace zinaleka kumveka, ndipo kwa zaka zoposa 150 ndi anthu ocepa okha amene anali kuzikumbuka.

Masiku ano magulu a oimba a ku Ulaya ndi ku America amazilizanso, ndipo mu 2023 anthu anaonera kanema wa moyo wace wochedwa Chevalier. Mu Paris munali mseu umene unakhala zaka zambiri ndi dzina la Richepanse. Mu 2001 akuru a mzindawo anagamula kuti dzinalo licotsedwe, ndipo lero cikwangwani ca mseu umenewo ciri ndi dzina la Chevalier de Saint-Georges, mwana wa Nanon kapolo uja.