Tisanatenge Ngongole ya Webusaiti, Tiwerengere Kaye

 Ife a mumsika tapatsidwa mpata woti tiyankhulepo pa nkhani imene yayamba kumveka kawirikawiri pa mikumano ya banki mkhonde. Mayi akuimirira n'kupempha ngongole, tikamufunsa kuti ndi ya chiyani, akuti akufuna kukhazikitsa webusaiti ya bizinesi yake. Ndalama zimene akupemphazo ndi masheya athu tonse, choncho m'pofunika tidziwe bwino chimene tikugula.

Webusaiti ili ngati okala ya lendi. Amene amaipanga amatchula mtengo umodzi, koma zolipira zake zilipo zinayi. Choyamba ndi dzina, limene amati domain, lothera ndi .mw, .co.za, .co.zw kapena .com. Dzinali timabwereka, ndipo timalipira chaka ndi chaka ngati chiphaso cha bizinesi. La .co.za limakhala pafupifupi R100 pa chaka. Mukapanda kulipira limafa, ndipo wina akhoza kulitenga. Chachiwiri ndi malo osungirako zithunzi ndi mawu anu, amene amati hosting. Imeneyi ndiye lendi yeniyeni, ya pamwezi kapena ya pachaka. Chachitatu ndi malipiro a mmisiri wokonza webusaitiyo. Chachinayi, chimene ambiri satiuza, ndi kuisamalira. Zitenje zatsopano zikafika, mtengo wa nsapato ukasintha, pamafunika munthu wojambula, kuika zithunzi ndi kukonza mitengo, ndipo bandulo ya intaneti imadyanso ndalama. Walira mvula walira matope.

Tikumbukirenso kuti makampani ambiri osunga mawebusaiti amalipiritsa m'madola kapena m'marandi, pamene ife timagulitsa m'makwacha, m'mameticais ndi ndalama zina za kwathu. Mu November 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene ankalipira madola 100 pa chaka anagona ali ndi bilu ya K118,000, n'kudzuka ili K170,000, asanagulitse chitenje ngakhale chimodzi choonjezera. Ife amene timadutsa pa Mwanza, Mchinji, Dedza, Nyamapanda ndi Beitbridge tikudziwa mmene kusintha ndalama kumadyera phindu. Webusaiti nayo ili m'gulu lomwelo.

Funso loyamba kwa mayi wopempha ngongole likhale ili: makasitomala anu ali kuti? Ambiri mwa amene amatigula amationa pa WhatsApp ndi Facebook, ndipo amalipira pa Airtel Money, Mpamba, MTN MoMo, M-Pesa kapena EcoCash. WhatsApp Business ndi yaulere, ndipo ili ndi malo oikapo zithunzi za katundu ndi mitengo yake. Tsamba la bizinesi pa Facebook nalonso salipiritsa kutsegula, chimodzimodzi kulembetsa shopu yanu pa mapu a Google. Wogulitsa kaunjika, tomato kapena usipa ayambe wagwiritsa ntchito zimenezi, mpamba wake upite ku katundu.

Alipo ena amene webusaiti ingawathandizedi. Wosoka mayunifolomu amene akufuna maoda a sukulu ndi makampani, wopanga uchi kapena chiponde amene akufuna kulowa m'mashopu akuluakulu, woluka madengu amene akusaka ogula a kunja, onsewa amafunsidwa kuti, "Tingakuoneni pati?" Kwa iwo tikuti pitirirani, koma mugwire mfundo izi. Funsani amisiri atatu, aliyense alembe mtengo papepala, asiyanitse zolipira kamodzi ndi zolipira chaka chilichonse. Dzina la webusaiti lilembetsedwe m'dzina lanu ndi imelo yanu, ndipo mapasiwedi onse akhale m'manja mwanu. Mmisiri akalembetsa m'dzina lake, tsiku limene mudzasemphane kapena akadzasamuka, okala yanu idzatsekedwa makiyi ali kwa iye. Musalipire zonse ntchito isanathe. Muione pa foni yanu yomwe ngati ikutseguka msanga, chifukwa ogula athu alibe makompyuta. Mmisiriyo akuphunzitseninso kusintha mitengo ndi zithunzi nokha.

Kenaka tichite masamu athu a masiku onse. Phatikizani zolipira za chaka chonse ndi chiwongoladzanja cha ngongole, mugawe ndi phindu limene mumapeza pa chinthu chimodzi. Yankho lake likuuzani kuti muyenera kugulitsa zitenje zingati zoonjezera kuti webusaiti idzilipire yokha. Nambalayo ikakuopsani, dikirani kaye.

Pomaliza tikupempha komiti yathu iganizirepo za webusaiti imodzi ya bungwe lonse, mayi aliyense akhale ndi tsamba lake, dzina likhale la bungwe, mapasiwedi asungidwe ndi anthu atatu monga timachitira ndi makiyi a bokosi la ndalama. Lendi imene ingamulemere mayi mmodzi ingapepuke tikaigawana. Timautcha chipereganyu, chilimba, xitique, mukando kapena stokvel, koma mwambo wake ndi umodzi: ndalama siituluka m'bokosi tisanagwirizane mmene ibwererere. Pa nkhani ya webusaiti tisausiye mwambo umenewu.