Chambo cha m'nyanja, chambo choweta ndi usipa wathu

Ife a gulu la ku Durban ambiri timagulitsa nsomba cha ku Warwick Junction, ndipo funso la makasitomala ndi limodzi tsiku ndi tsiku: "Chambochi n'cha m'nyanja?" Tikayankha kuti n'choweta, ena amabweza ndalama m'chikwama.

Tisanamizane. Nsomba za m'mabokosi zimene timapikula kuno zambiri n'zoweta, zina zochokera ku China. Kwathu komwe, Maldeco imaweta chambo m'makola oyandama ku Mangochi. Anzathu a ku Zambia mukuidziwa Yalelo ya ku Siavonga, a ku Zimbabwe Lake Harvest ya ku Kariba. Nsomba yoweta si poizoni ayi. Zomanga thupi zimangofanana ndi za yam'nyanja, pafupifupi magalamu 20 pa magalamu 100 a mnofu. Zimasiyana pa mafuta, poti yoweta imakula ndi soya ndi chimanga pamene inzake imadya ndere ndi tizilombo ta m'madzi. Pa kakomedwe pokha sitikangana, chambo cha ku Mangochi chowamba bwino chilibe mnzake.

Koma nsomba yoposa zonsezi ndi ija timaibisa alendo akabwera: usipa, matemba, kapenta. Chambo timadya mnofu n'kutaya minga. Usipa timatafuna wonse, mutu, maso ndi timafupa, ndipo m'menemo ndi mmene muli kashiamu wolimbitsa mafupa, ayironi wowonjezera magazi, zinki ndi vitamini A. Mayi woyembekezera apindula ndi mbale ya usipa kuposa mchira wa chambo chodula. Mwana akakwana miyezi 6, kazingani usipa, sinjani, sefani, muzithira kasupuni m'phala lake. Amayi athu ankachita zimenezi asanamvepo dzina la vitamini.

Palinso nkhani ya ndalama zathu. Mmodzi wa ife anatenga ngongole m'gulu, n'kudzaza firiji ndi nsomba zoweta. Magetsi atazima, bokosi lonse linanunkha, ngongole ili pomwepo. Thumba la usipa limadutsa Mwanza, Tete ndi Beitbridge osafuna ayezi, ndipo timagulitsa pang'onopang'ono, ngakhale ka R20.

Chokhacho, uzani okutumizirani kuti agule woyanika pa thandala, osati pamchenga. Kasitomala akangoluma mchenga kamodzi, mawa akagula pa benchi ina.