Paini wa Matabwa, Tchire la Nyama: Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wodzala Mitengo m'Boma la Dedza

 

Ndisanakhale pampando uja, a komiti yosamalira zachilengedwe ya m'mudzi muno ananditengera kunazale kwanu. Ndinang'amba chubu chimodzi kuti ndione mizu, ndipo ndinapeza tiulusi toyera tokhala ngati nkhungu titayanga m'dothimo. Amayi ena anadandaula kuti mwina mbande zadwala. Ayi amayi, sizinadwale. Kameneko ndi kabowa kamene kamakhala pamizu ya paini n'kumauthandiza kuyamwa chakudya m'nthaka. Mbande yopanda kabowako imachita chikasu n'kupinimbira. N'chifukwa chake alangizi anakuuzani kuti dothi lina lothira m'machubu mukatape pansi pa paini wakale. Munamvera, ndipo mbande zanu zatuluka zamphamvu. Ndikukuyamikirani kuchokera pansi pa mtima.

Mtengo umenewu ndi mlendo kuno. Paini wa masamba olendewera uyu, amene akatswiri amamutchula Pinus patula, kwawo ndi kumapiri a ku Mexico. Amafuna malo okwera, ozizira, a mvula yokwanira. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa pafupifupi mamita 1,600, ndipo kuzizira kumene timadandaula nako mu Juni ndi Julaye n'komwe mtengowu umakondwa nako. Mukautsitsira kuchigwa, ku Mtakataka kapena ku Golomoti, mungotaya mphamvu zanu pachabe. Mwayi umenewu ndi wa ife a kumtunda, ndipo maboma ambiri alibe.

Tsono tidzaliranji paini? Funsani kalipentala aliyense pamsika. Denga la malata likufuna matabwa. Chitseko, desiki ya mwana wa sukulu, benchi ya m'tchalitchi, ngakhale bokosi lotiperekeza kumanda, zonsezi ndi matabwa. Anthu tikuchuluka, nyumba zikumangidwa tsiku ndi tsiku, ndipo matabwawo achokera penapake basi. Akasowa paini, macheka amalowera kwa mlombwa, kwa mbawa, kwa muwanga, mitengo imene imatenga moyo wonse wa munthu kuti ikhwime. Ine chimene chandibweretsa kuno n'chimenechi: tidzale paini kuti macheka ndi nkhwangwa zipeze kopita, tchire lathu lachilengedwe lipume. Paini atipatse matabwa ndi ndalama; tchire lisunge madzi, bowa, mankhwala ndi nyama. Ziwirizi ziyendere limodzi, chimodzi chisadye chinzake.

Akuluakulu mukuikumbukira Chikangawa mmene inalili. Kuyambira m'chaka cha 1964 boma linadzala paini pamapiri a Viphya mpaka kukwana mahekitala pafupifupi 53,000, imodzi mwa nkhalango zazikulu kwambiri zodzalidwa ndi manja a anthu mu Africa muno. Cholinga chinali chakuti mitengoyo izidzapita kufakitale ya zopangira mapepala imene inkayembekezeka kumangidwa ku Chintheche. Fakitaleyo sinamangidwe, koma mitengo inakula, ndipo munthu ukamayenda pamsewu wa M1 kuchoka ku Mzimba kupita ku Mzuzu unkadutsa mumdima wa mitengo masana dzuwa likuswa mtengo. Pitani lero mukaone. Mbali zambiri kwatsala zitsa ndi udzu. Kucheka kunathamanga kuposa kudzala, ndipo moto unkabwera chaka ndi chaka kudzamaliza zotsala. Nkhaniyi imandiwawa, chifukwa amene anakumba maenje aja anali anthu osauka ngati ife, ndipo anagwira ntchito yawo mokhulupirika. Chinasowa ndi chisamaliro cha pambuyo pake. Ngati nkhalango ya boma, yokhala ndi magalimoto ndi nsanja zoonera moto, inatha chonchi, kuli bwanji kamunda ka mudzi kongodzalidwa n'kuiwalika?

Choncho ndiloleni ndilankhule za ntchito imene ikuyamba mawa, alendofe titapita.

Maenje mwakumba motalikana mamita atatu mbali zonse. Pamuyeso umenewu ekala imodzi imalowa mitengo pafupifupi 450, hekitala imalowa 1,111. Podzala chotsani pulasitiki, mizu isapindike, ndipo mutsendere dothi ndi phazi. Pakatha milungu itatu kapena inayi yenderani mzere ndi mzere, pamene pafa mupakize mvula isanathe. Zaka ziwiri zoyambirira mdani ndi udzu, mbuzi ndi ng'ombe. Palirani mozungulira mtengo uliwonse. Amene akufuna angathe kudzala nyemba pakati pa mizere m'zaka zimenezi, kuti khasu limodzi ligwire ntchito ziwiri. Mitengo ikapitirira msinkhu wa munthu, yambani kudulira nthambi zam'munsi ndi sowo yakuthwa, osati kukhapa ndi chikwanje. Nthambi iliyonse yosiyidwa imasanduka mfundo m'thabwa, ndipo thabwa la mfundo ogula amalinyoza. Nthambi zodulazo ndi nkhuni za amayi.

Pali ntchito ina imene alimi ambiri amaikana, ndiyo kupatulira. Mitengo ikafika zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu nthambi zimayamba kugundana, ndipo yopotoka ndi yofooka iyenera kuchoka kuti yotsalayo inenepe. Mtima umakana, munthu n'kumati ndidulirenji mtengo umene ndinausamala ndekha. Koma inu nomwe mumapatulira chimanga paphando, ndipo mukudziwa chimene chimachitika mukachisiya chothithikana. Mitengo yopatulirayo sitayika: ndi mapolo, ndi milimo ya nyumba, ndi ndalama yoyamba ya m'mundamo.

Matabwa enieni adzachekedwa patatha zaka 20 kapena 25. Sindikubisirani. Mwana wa Sitandade 1 amene wakhala kutsogoloyu adzakhala ali ndi banja lake. Pakati apa kudzabwera anthu a macheka ndi ndalama m'manja, mitengo ili ndi zaka khumi zokha, mwina m'mwezi wa Febuluwale nkhokwe zili mbee. Adzakuuzani kuti yakhwima. Thabwa la mtengo wanthete ndi lopyapyala, limapindika likamauma, ndipo mtengo wake ndi wongotola. Zaka zomalizira n'zimene thunthu limaika mnofu wa ndalama. Makolo anati kuona maso a nkhono n'kudekha. A komiti, thandizani mabanja kupeza kothawira pa nthawi ya njala, kaya ndi banki m'khonde, kaya ndi uchi, kuti asagulitse mitengo yosakhwima.

Tsopano moto. Apa mafumu ndikupempha makutu anu onse awiri. Tsamba, mombo ndi msuku zikapsa zimaphukiranso, chifukwa zinazolowera moto kuyambira kalekale. Bulugamu ukamudula amaphuka pachitsa. Paini uyu satero. Khungwa lake akali wamng'ono ndi lopyapyala, thupi lake ndi la utomoni, pansi pake pamadzaza masamba ouma. Moto wa masana amodzi mu Okutobala umatha kufafaniza thukuta la zaka khumi ndi zisanu, ndipo palibe chophukanso. Motowo sugwa kumwamba. Umachokera kwa mnyamata wosaka mbewa, kwa wofula njuchi ndi muuni, kwa wotentha mapesi m'munda mphepo ikuomba, ndipo nthawi zina, tinene zoona pamaso pa mafumu, umachokera kwa munthu wa nsanje kapena wa mlandu wa malire. Lambulani njira yotchinga moto kuzungulira munda wonse, yotakata mamita asanu kapena kuposerapo, udzu usanaumitsitse mu Juni. Gwirizanani kuti likalira belu kapena wezulo, aliyense atuluke ndi nthambi zaziwisi, osafunsa kuti mundawo ndi wa yani. Ndipo lamulo la mudzi lokhudza wotentha tchire lilembedwe, lidziwike, ligwire ntchito kwa mwana wa mfumu chimodzimodzi ndi kwa mwana wa mkazi wamasiye.

Ndibwere ku nyama, pakuti m'kalata yondiitana munalemba kuti mukufuna agwape ndi nkhwali zibwerere m'phiri muno. Khumbo limenelo ndi labwino, koma ndikanakhala wabodza ndikanakuuzani kuti paini yekha adzazibweza. Lowani m'munda wa paini wokhwima mumvetsere. Muli zii. Dzuwa silifika pansi, udzu sumera, mulibe chipatso, mulibe duwa loti njuchi n'kutapamo. Nyama imabisalamo, imausamo, koma kudya imakadya kwina. Ku Chelinda, pamapiri a Nyika, mbawala ndi akambuku amaoneka m'mphepete mwa paini amene anadzalidwa kumeneko, koma pozungulira pake pali udzu wambiri ndi timankhalango tachilengedwe. Ku phiri la Zomba nchima zimasenda makungwa a paini mpaka mitengo kuuma kunsonga. Munda wa mtengo wamtundu umodzi si mudzi wokwanira wa nyama.

Ndiye pempho langa ndi ili. Musagwetse tchire lachilengedwe kuti mudzalepo paini. Paini apite pamene pali kale dazi, pamtsetse pamene chimanga chinakana. Pamene pali masuku, maula, nthudza ndi mikuyu, pasiyeni. Pamene pali zitsa za tsamba ndi mombo zikuphukira, zitengulireni zikule. Sizifuna chubu kapena ndowa. Bowa amene amayi amazula mvula ikagwa amamera pansi pa mitengo yomweyo, ndipo mukaichotsa nayenso amapita. M'mbali mwa mitsinje ndi pa akasupe paini asayandikire n'komwe, chifukwa amamwa madzi chaka chonse. Kumeneko n'kwa katope, mbawa, mkuyu ndi nsungwi. Timitsinje ta m'mapiri a kuno ndi timene timadyetsa Linthipe, ndipo anzathu a kumunsi mpaka ku Salima amamwa zimene ife tawasiyira. Mizere ya tchire imeneyi ikalumikizana kuchoka kumtsinje kukafika kuphiri, nyama imapeza njira yoyendamo osaonekera. Ming'oma ya njuchi mupachike m'menemo.

Ndikudziwa ena mumtima mukuti, nanga nyamazo zikadzayamba kutidyera chimanga? Funsolo ndi loona. Anyani ndi nguluwe zimaononga, ndipo zikavuta pitani kwa alangizi a zanyama zakutchire mukakambirane. Koma zoyamba kubwerera ndi zazing'ono: nkhwali, nkhanga, akalulu, agwape, mbalame zodya tizilombo ta m'munda, ndi kadzidzi amene timamuopa chikhalirecho usiku wonse amakhala akutigwirira makoswe. Anyamata, misampha ya waya ichoke m'phiri. Ana awa ambiri gwape amangomumva m'nthano.

Chenjezo lina likuchokera ku Mulanje. Paini yemweyu anadzalidwa pamwamba pa phirilo, mbewu zake zinauluka ndi mphepo, ndipo anafalikira mpaka kulanda malo a mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe umamera paphiri lokhalo. Panapita ndalama ndi thukuta lambiri kuti amuchotse. Choncho mukaona kapaini kamera kokha m'tchire lachilengedwe kapena kudambo, zulani kakali kakang'ono.

Nkhani yotsiriza ndi yovuta kuikamba pagulu, koma ndiikamba. Mitengoyi ndi ya yani? Kuno ambiri timatsata chikamwini, ndipo ndamvapo abambo akunena kuti sangadzale mtengo wa zaka makumi awiri pamudzi pa eni, poti banja likatha adzachoka ndi chikwama chokha. Ndamvaponso amayi amene anasenza madzi othirira mbande akudandaula kuti tsiku logulitsa ndalama sanaione. Madandaulo onse awiri ndi enieni, ndipo akapanda kukambidwa lero adzatuluka mitengo itakula, mwina adzatuluka ngati moto. Mabanja khalani pansi ndi ankhoswe ndi eni mbumba. Gwirizanani kuti wadzala ndani, pamalo a yani, ndipo phindu lidzagawidwa bwanji. Anyakwawa alembe m'buku, mboni zisayine. Za munda wa mudzi wonse, lamulo la nkhalango la 1997 limapereka mpata woti mudzi ukhale ndi nkhalango yakeyake yoyang'aniridwa ndi komiti yosankhidwa ndi anthu. Komitiyo iziwerenga ndalama poyera, pabwalo ngati lino.

Dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika chaka cha 2030. Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, timamva za mitengo mamiliyoni imene yadzalidwa. Ine chiwerengero chimene ndikuchifuna kwa inu ndi china. Aphunzitsi, gawirani kalasi iliyonse mizere yake. Mwezi wa Novembala ukubwerawu, dzuwa ndi moto zitadutsa, ana awerenge mitengo imene ili moyo, a komiti alembe, ndipo chiwerengerocho chikaperekedwe kwa Mfumu yaikulu ndi kwa alangizi. Mukadzandiitana pa tsikulo ndidzabwera.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti ntchito yodzala mitengo m'dera lino chaka chino yatsegulidwa. Ndikupempha Mfumu yaikulu ititsogolere kumtsetse kukadzala paini woyamba, ndipo amayi a komiti atitsogolere kumtsinje kukadzala mbawa. Ana a sukulu, aliyense anyamule chubu chake ndi manja awiri, ndipo mapulasitiki onse abwerere m'thumba limene lili apo.